Mpopi wa kwa a Gwedeza

Chibwerereni lamulo loti mpopi wa pakhomo uzitseguka pokhapokha kompyuta ya banja italankhula ndi ofesi ya madzi, Nasoko anaiwala kusamba m'mawa. Amuna ake, a Gwedeza, anachotsa pulogalamu yobwera ndi makinawo n'kuikamo yaulere yotchedwa Nyerere, imene aliyense amaisintha mmene wafunira. Ndiye ankaisinthadi, tsiku ndi tsiku.

Lachitatu lina mpopi unangoti zii.

"Bambo a Mzati, madzi aja bwanji?" Nasoko anafunsa amuna akewo.

"Tadikirani, ndikusankha mtundu wa zilembo. Enawa ndi akapolo a makampani, ife ndife mfulu."

"Mfulu zonunkha thukuta," anang'ung'udza Nasoko.

Bambowo atapita kukatsutsana ndi anzawo za mapulogalamu, Nasoko anakhala pampando wawo. Zaka zitatu zoonerera chakumbuyo zinali zitamuphunzitsa zambiri. Anabwezeretsa zonse mmene zinalili dzana, madzi n'kuyamba kutuluka, kenako anatseka kompyutayo ndi mawu achinsinsi.

A Gwedeza anapempha mawuwo mwezi wathunthu, osapatsidwa. Masiku ano amayenda ali osambasamba, n'kumauza aliyense kuti Nyerere sinawavutepo ndi kamodzi komwe.