Chitseko Chowerenga Anthu

Khonsolo italamula kuti mumzinda wodzazawu nyumba iliyonse muzikhala anthu anayi okha, zitseko zinayamba kuwerenga olowa. Wachisanu akalowa, chitseko chinkaliza belu ndipo iye ankatengedwa kupita kumisasa yakutali, kosabwererako.

Tsiku lomwe Esinati anachokera kuchipatala ndi khanda, anaima pakhonde osalowa. M'nyumbamo munali mwamuna wake, mwana wawo woyamba ndi apongozi ake, a Chimombo.

"Libise m'chitenje, mwina chitseko sichiliona," mwamunayo ananong'ona pawindo.

"Nanga likalira?"

A Chimombo anatuluka chipewa chili kumutu, chikwama m'manja.

"Lowani mayi, mwana angazizidwe," anatero.

Esinati analowa misozi ili chuchuchu, ndipo chitseko sichinalize belu. Asanakhale n'komwe pansi, anamva galimoto ya khonsolo ikuima panja kudzatenga a Chimombo, omwe anali atadzipereka okha.