Mawu Ochokera ku Mtovu

"Plunge ndiye kudumphira m'madzi, kapena kumiza chinthu mwamphamvu," anatero mphunzitsi wa Chingerezi Annette Msowoya akulemba pabolodi. "Mawuwa gwero lake ndi Chilatini, dzina la mtovu, womwe uja asodzi amamangirira ku ukonde kuti umire."

Ana m'kalasimo anayang'anana. Panali patatha masabata atatu chisowereni panyanja a Jaffalie, msodzi wa kwa Mponda amene anakana kugula khadi la chipani.

Ana atatuluka, bambo wina wachipani amene ankamvetsera pawindo analowa n'kutseka chitseko.

"Aphunzitsi, za mtovuzi wakuuzani ndani?"

"Zili m'dikishonale, bambo. Onani apa."

Bamboyo sanaliyang'ane n'komwe bukulo.

"Dikishonale yanuyo sinali m'bwato muja," anatero motsitsa mawu. "Tinalimo atatu basi. Wakuuzani ndani?"