Kamluzu ka Pabenchi

Zulfa anafika pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi Phalula thukuta lili kamukamu, Uladi ali kumsana. Mabenchi anali atadzaza kale. Anadzipanikiza pakati pa amayi awiri omwe anasuntha monyinyirika, pakuti Zulfa sanali munthu wokwana pampata wa munthu mmodzi. Chipitireni bambo a Uladi ku Joni, thupi linangobwera lokha, ndipo kumudzi ankamusirira kuti akusungidwa bwino.

Koma lero zonsezo zinali kutali. Khutu lake linali pa kamluzu.

Fwii... fwii...

Phokosoli ankalidziwa bwino. Ndi lomwelo analimva m'chifuwa cha Sidik, mwana wake woyamba, chaka chija chibayo chinamutenga ali pamzere ngati womwewu. Anthu anamuuza kuti ndi chimfine chabe, iye n'kumvera, n'kuchedwa naye. Ndiye m'mawa uno, atangolanda chitenje chomwe panagona mphaka amene anabwereka kuti athane ndi makoswe m'chimanga, n'kuberekera Uladi kuti akasese panja, kamluzu kaja kanayamba. Sanafunse munthu. Tsache analiponya pompo, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa kabaza.

Uladi anali kamwana kowonda, kokana kudya, nthiti poyera. Kamwana kotere kangalimbane ndi chibayo? Iyayi.

Kutsogolo, namwino wina wamtali anali pakati pa maphunziro a m'mawa, aja odwala amamvera mokakamizika asanaonane ndi adokotala.

"Mafuta a m'thupi sangokhala phee ayi," ankatero namwinoyo. "Amatulutsa mahomoni, timadzi tolowa m'magazi n'kumakaputa chitetezo cha thupi. Chitetezocho chikalusa chimamenyana ndi chilichonse, kaya fumbi, kaya ubweya wa ziweto. Mapeto ake njira za mpweya zimatupa."

Zulfa anafuna kukuwa. Ha! Mwana akutsirizika kumsana kuno, wina ali kalikiliki ndi nkhani za ubweya! Za anthu a m'tauni izo, ogona ndi agalu pabedi. Bwanji osangotsegula chitsekocho anthu alowe?

Fwii... fwii... Tsopano kankamveka pafupipafupi, ndiponso mokweza.

Mantha anamufinya pachifuwa ngati mwana wamangidwa ndi chingwe osati chitenje. Anagwedeza msana.

"Uladi! Uladi, bambo wanga!"

Mwana anangoti zii, mutu uli lende, thupi lili lobodo. Kumutsitsa sanayerekeze. Ankaopa kuona maso otembenuzika aja anawaona pa Sidik, maso omwe mpaka lero amamubwerera akamaswali. Bola asaone. Bola adokotala aone okha.

Mayi wa kumanja kwake anamuyang'ana, n'kumuyang'ananso, kenako anadzambatuka kuthamangira kwa namwino. Anthu anatembenuka onse. Wina anagwira pakamwa, wina anakokera mwana wake pambali. Basi, kwatha. Iwo aona chimene iye ankaopa kuona.

"Ya Allah... uyunso ayi," ananong'ona, mawu akudukaduka.

Namwino anasiya maphunziro pakati, n'kubwera chothamanga.

"Amayi, masulani mwanayo msanga!"

"Mu... muthandizeni... chonde. Chibayo..."

Zala za Zulfa zinakanika kumasula mfundo. Namwino anamasula yekha, n'kuponya chitenjecho kutali, n'kupereka Uladi kwa mayi uja kuti apite naye kukhonde. Kukhonde? Osati kwa adokotala? Kodi ndiye kuti palibenso chochita? Zulfa anayesa kudzuka kuti awatsate, koma anagweranso pabenchi. Denga linayamba kuzungulira. Anangoyang'ana mwana wake akunka kutali m'manja mwa mlendo, timiyendo tili lendelende.

Pakhomo penipeni Uladi anadzidzimuka kutulo. Anayasamula, anaona nkhope yachilendo, n'kulikutumula liwu lomveka mpaka kumsewu, kulira kwa mwana wa mapapo abwinobwino.

Kamluzu kaja sikanapite naye. Kanatsala pabenchi pomwepo, kakulira m'chifuwa cha Zulfa mwiniwake.

"Bweretsani mpweya, fulumirani!" anakuwa namwino atagwira Zulfa m'mapewa. "Amayi, musatseke maso. Ndiyang'aneni ine."