Chimbudzi Chaulula a Gwaza

Tandiyankhani inu opita kusukulu: n'chiyani chilibe maso koma chimadziwa zonse zimene wamwa? Mwagwa nayo? N'chimbudzi cha masiku ano.

Lamulo n'loti aliyense azimaliza kumwa chigubu cha madzi cha malita awiri patsiku. Chimbudzi chimayeza mkodzo n'kulengeza mokweza, ndipo banja la wonyozera amalitsekera mjigo.

Nangozo ankadziwa kuti amuna ake, a Gwaza, madzi awo amathirira fodya, kukodza n'kumakakodza kutchire. Koma pagulu, matama okhaokha.

"Ine zigubu ziwiri, mayi. Onani minofuyi."

"Minofu kapena nthiti, bambo?"

Tsiku lina amayi ake a Nangozo anabwera n'kuyala mphasa pakanjira kakutchire penipeni. Mkamwini angadutse bwanji pamaso pa apongozi? Nangozo anangowaona a Gwaza akupana miyendo, akuimba mluzu, thukuta kamukamu. Kenaka liwiro la kuchimbudzi.

"Takulandirani, alendo," chinafuula chimbudzicho. "Kachasuyu ndamumva. Nanga madzi munamwa chaka chiti?"

Apongozi anagwa chagada ndi phwete. Nangozo anawaponyera amuna akewo ndowa.

"Mjigo atitsekera basi. Nyamulani minofu yanuyo mukatunge kutsidya."