Ulusi Wakale M'kachubu

Kachubu kanali kotsegula pa ayezi pamene mwana anagunda m'mimba mwa wasayansi wina woyembekezera.

Kuyambira dzulo lake mimbayo inali itangoti zii, ndipo iye sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake. Anangobwera kuntchito mu labotale, navala magolovesi, n'kumayang'ana kadontho ka RNA kamene anakavutikira miyezi yambiri. Unali ulusi wa mu raibosomu, kamakina kamene kamaluka mapuloteni m'selo ya chamoyo chilichonse. Ulusiwo ndi wakale kuposa mitengo ndi nsomba. Wa m'kachubumo unkadzidula wokha, kutaya tizidutswa ta pakati totchedwa maintroni, n'kudzilumikizanso. Iye ankauona m'maganizo ukuyandama m'madzi ofunda, dziko lisanakhale ndi diso loliyang'ana.

Lamulo la m'chipindamo linali lodziwika: pa chubu chotsegula salankhulirapo, chifukwa kamalovu kokha kamawononga RNA.

Mwana anagundanso, mwamphamvu.

"Ulipo, iwe," anatero wasayansiyo akuseka, nkhope ili pamwamba penipeni pa kachubu kaja. Msozi unagweramo.

Mkulu wa labotale, mayi wa imvi, anali ataima pakhomo. "Mwana wanga, walankhulira m'chubu? Ntchito yonse ija yapita."

"Yapitadi, amayi." Anavula magolovesi, nagwira dzanja la mkuluyo n'kuliika pamimba pake. "Koma tamvani. Muno ulusi womwewo sunasiye kuluka."

Dzanja la mayi aja linakhala pomwepo, kudikira kugunda kwina, ayezi akusungunuka.