Anthu Okhulupirika a ku Chionetsero cha Mfuti

"Nanga ndikakupatsani ndalama pamanja, popanda lisiti, msonkhowo sungachoke?"

Ndinafunsa monong'ona, nditatsamira tebulo ngati munthu wozolowera zachinyengo. Bambo wogulitsa mipeni ya alenje anandiyang'ana ngati ndamutukwanira amayi ake.

"Pepani achimwene, pano timatsata lamulo. Mpeni ndi madola 40, msonkho ndi madola atatu ndi masenti 20."

Ndinalipira. Linali tebulo lachisanu ndi chinayi m'mawa umenewo, ndipo m'chikwama mwanga munali kale mipeni iwiri, tochi, ndi lamba wosandikwana.

Dzina langa ndi Delbert Hutchins. Ntchito yanga ndi yogwira amalonda ozemba msonkho. Chaka chilichonse, nyengo yosaka agwape ikayandikira, ofesi imanditumiza ku chionetsero cha mfuti chimene chimachitikira m'holo ya pa bwalo la zaulimi kwathu kuno ku Missouri. Ndimavula taye, n'kuvala malaya a alenje, n'kusiya ndevu kwa mlungu wathunthu. Ndikadziyang'ana pagalasi ndimachita kudziopa ndekha.

Zaka zitatu ndinakhala ndikutchera ogulitsawo misampha, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakodwa. Chaka chilichonse ndinkalemba lipoti lomwelomwelo, lakuti anthu amenewa ndi okhulupirika kuposa amalonda ena onse amene ndinawaonapo.

Abwana anga, Mayi Odom, anali atatopa nalo lipotilo.

"A Hutchins, matebulo mazana awiri, onsewo angelo?" anandifunsa Lachisanu, akugogoda cholembera padesiki. "Msonkho umene timalandira kuchokera kumeneko sukwana n'kugulira khofi wa mu ofesi muno. Mukabweranso chimanjamanja, ndikusamutsirani ku chipinda chapansi, muzikasanja mafayilo mpaka mudzapume pantchito."

"Mayi, inu simuwadziwa anthu amenewa," ndinayankha ndikukweza mapewa. "Ine munthu ndimangomuona m'maso, basi ndamudziwa."

Ndiye Loweruka limeneli ndinalimbikira ndithu. Ndinasintha mawu, ndinayamba kutsimphina pang'ono, ndinatafuna ngakhale fodya amene anandichititsa chizungulire. Kulikonse yankho linali limodzi. Mnyamata wina wogulitsa zikwama za mfuti anafika pondilangiza kuti msonkho ndi umene umakonza misewu ndi kulipira aphunzitsi. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira.

Masana atakwana ndinasankha tebulo lomaliza, la kumapeto pafupi ndi khomo lotulukira. Pamenepo panali Mayi Verna Tackett, mayi wamasiye wa imvi mbuu, amene ankagulitsa mfuti zimene anasiya malemu amuna awo. Ndinanyamula mfuti ina yakale yosakira agwape, ya madola 600. Msonkho wake unali madola 48. Ndinadziuza kuti ngati pali munthu amene angagwe ndi chifundo, ndi ameneyu.

"Mayi, ndinene zoona," ndinatero nditagwetsa nkhope. "Ntchito inandithera mwezi watha. Akazi anga akudwala msana. Mfuti imeneyi ndiyo ingatibweretsere nyama m'nyengo yozizira. Madola 600 ndili nawo, koma a msonkhowo ndiye ndilibe. Palibe amene akuona. Tingothana tokha awiri."

Ndinalankhula mogwira mtima moti ine ndemwe misozi inalengeza.

Mayi Tackett anavula magalasi awo n'kuwapukuta pa juzi. Anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, nkhani yanuyo yandikhudza. Koma amuna anga anagulitsa mfuti zaka makumi atatu osabera boma ngakhale senti imodzi. Kodi ndiyambe ine lero, iwo atagona? Ayi, sindingathe." Anapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka nyama youmitsa. "Idyani aka, mukuoneka kuti simunadye kanthu."

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Bambo wamkulu ngati ine, kunamiza mayi wamasiye, kudwalitsa mkazi wanga amene panthawiyo anali gwa kunyumba akutchetcha kapinga. Ndinabweza mfuti ija pamalo pake, ndipo pofuna kupepesa ndinagula kabokosi ka zipolopolo, ngakhale ndilibe mfuti yoti ndiziikemo. Msonkho ndinalipira, lisiti anandilembera bwinobwino.

Pomwepo ndinatsimikiza mtima. Lolemba ndikalemba lipoti lomwe lija kachinayi, ndipo ngati ndi chipinda chapansi, ndikatsikako mutu uli m'mwamba. Sindinganamizire anthu olungama chifukwa chofuna kusunga desiki ya pafupi ndi windo.

"Musanapite, tandithandizani," anatero Mayi Tackett. "Pansi pa tebuloli pali bokosi lolemera. Nditukulireni pamwamba, mawondo angawa akana."

Ndinazungulira mwachangu n'kupita kuseri kwa tebulo, wokondwa kuti ndapeza pobwezera. Ndinagwada, n'kukoka bokosilo, n'kuimirira nalo. Bokosi lawo la ndalama linali chitsegulire patsogolo panga. Iwo anafulumira kuti alitseke, koma anachedwa.

Mkati mwa chivindikiro chake munali mutamatidwa chithunzi changa, nditavala taye, ndikumwetulira. Pansi pake panalembedwa kuti: "Uyu ndi wa msonkho. Uyu yekha mlipitseni msonkho."

"Tebulo lililonse lili nacho, a Hutchins," anatero Mayi Tackett modekha, akuyerekeza chithunzicho ndi nkhope yanga. "Koma mwanenepatu. Chaka chamawa mudzatibweretsere chatsopano."