Timabotolo ta Anyani

Firiji inali yotsegula, m'kati mulibe kanthu, madzi akuyenderera pansi. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

Mayi wina wofufuza za anyani anangoti kakasi pakhomo la khitchini, nsapato zamatope zili kuphazi. M'firijimo ankasungamo timabotolo mazana atatu ta chimbudzi cha anyani. Anatola yekha m'nkhalango kwa miyezi isanu ndi itatu, kuti akapime adziwe bambo wa kamwana kalikonse m'gululo. Tikangosungunuka, ntchito yonse yalowa m'madzi.

"Amayi," anaitana apongozi ake, "mwataya?"

Apongoziwo sanasiye kupinda zovala.

"Nditaye bwanji? Si inu mumaimba tsiku ndi tsiku kuti timabotolo tanuto tisafunde? Ndatikulunga m'bulangete, ndakasungitsa kubutchala. Kuja kuli jenereta."

Wofufuzayo anakhala pansi, pamadzi pomwepo, mtima ukubwerera m'malo.

"Nanga mwawauza kuti muli chiyani?"

"Ndati katemera. Mumafuna ndiulule kuti mkazi wa mwana wanga anatha zaka makumi awiri pasukulu kuti azitola manyi a anyani? Magetsi akayaka muthamangire, mayi, mwini wake asanatsegule. Watiika pamwamba pa chiwindi."